Mutu Wachitatu: Kachala Alumpha Mpando

1. Malamulo awiri

Shopu ya amalume inali yopapatiza ngati khonde. Chitseko chimodzi, windo limodzi. Kumanzere kunali wokonza mafoni, kumanja wogulitsa nsapato. Kutsogolo kunali msewu, ndi fumbi lake, ndi mahutala ake.

M'kati munali makompyuta m'mashelefu. Ochepa anali atsopano. Ambiri anali otopa kale m'maofesi, amene amalume ankawatsegula, kuwapukuta fumbi, n'kuwadzutsa. Pakati pa shopu panali tebulo. Patsogolo pa tebulolo panali mpando wathabwa, mwendo umodzi womanga ndi waya.

Mtsikana wathuyu anabwera kudzathandiza atangolemba mayeso omaliza. Mayi ake anati asamangowerenga malata a denga podikira zotsatira. Dzina lake lenileni silinakhalitse. Amalume anamuona akudina mabatani asanawerenge zolembedwa, n'kumutcha Kachala. Msewu wonse unalandira dzinalo ndi manja awiri.

Ntchito yopukuta fumbi ankaitha. Chomuzunguza mutu chinali malondawo.

"Amalume, mwati pulogalamu yoyendetsa makinawa ndi yaulere?"

"Yaulere."

"Ndiye ife tikugulitsa chiyani?"

Amalume anaika sikuludiraiva pansi.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Kompyuta yopanda pulogalamu yoiyendetsa ndi bokosi chabe. Mapulogalamu oterewa alipo mitundu iwiri. Ina ndi yogula. Mwini wake anaikhoma, makiyi amasunga yekha. Ina ndi yotseguka. Anailemba anthu ambirimbiri, aliyense ali kwawo. Ukhoza kuitenga, kusuzumira m'kati mwake, kukonza pamene palakwika, n'kugawira mnzako, popanda wokuloza chala. Ife timaika yotsegukayo. Ili ngati madzi a pachitsime. Madzi sitigulitsa. Timagulitsa ndowa, n'kumuonetsa munthu kasenzedwe kake."

Kachala anagwedeza mutu ngati wamva. Sanamve. Kusukulu kwawo anaphunzira pa yogula ija. Chimene kumeneko chinali pansi, kuno chinali pamwamba. Chimene ankachidziwa ndi dzina lina, kuno chinali ndi dzina lachilendo.

Tsiku lina amalume anaitanidwa kukaika makompyuta pasukulu ina yakutali. Anati akagona konko. Atakoleka chikwama paphewa, anaima pakhomo.

"Ndikukusiyira shopu. Malamulo ndi awiri. Loyamba ndi mpando uwu. Munthu asatuluke muno ndi kompyuta asanakhalepo. Kaya ndi bwana, kaya akuthamangira basi. Umufunse ntchito imene amagwira, ndipo aigwire pompano iwe ukuona. Wolemba makalata alembe kalata. Wa nyimbo aike nyimbo yake. Wa pulinta akaitenge pulinta yakeyo, ilumikizidwe muno. Pulogalamu yathuyi ndi yabwino, koma si zipangizo zonse zimene zimamvana nayo tsiku loyamba. Zina zimafuna kunyengerera. Kuli bwino munthu akhumudwe ali pampando kusiyana n'kukakhumudwa kwawo, chifukwa kwawoko amakhumudwa ndi mkazi wake yemwe, ndi anansi omwe. Lachiwiri ndi mnyamata wa mafoniyu. Moni amapereka, ulemu ali nawo. Koma zimene wakoleka m'khosizo zisalowe m'makina a muno. Ndi mapulogalamu akuba. Ndipo iwe Kachala, kompyuta siwononga kanthu isanafunse. Imafunsa ndithu, mwaulemu. Munthu ndiye amayankha asanamve funso."

"Ndamva, amalume."

"Wamva chiyani?"

"Mpando."

"Ndi chiyaninso?"

"Ndi mafoni."

Amalume anapukusa mutu. Kenako basi inaliza hutala pamsewu, iwo n'kuithamangira.

2. Kasitomala wothamanga

Dzuwa lisanafike pamutu, munalowa bambo wina wamtali, kamera ili pachifuwa. Anali wojambula zithunzi wa kumtunda kwa msewu. Anthu ankawatcha a Mwetulirani, chifukwa ndi mawu amene ankauza aliyense woima patsogolo pa kamera. Eni akewo palibe anali atawaonapo akumwetulira.

"Amalume ako ali kuti?"

"Achokapo, bambo."

"Ndiye mwini shopu ndiwe. Kompyuta yanga yafuka utsi m'mawa uno. Ndipatse laputopu yolimba, yosachedwa kuganiza."

Kachala anatsitsa yakuda imene amalume ankaitama. Anayang'ana mpando. Mpando unamuyang'ananso.

"Mungakhale kaye apa, bambo?"

"Ndaoneka wotopa?"

"Ayi. Kungoti lamulo la muno..."

"Mwana iwe, ndili ndi ukwati wojambula. Mkwatibwi wavala kale. Ungondiuza chinthu chimodzi. Imagwira ntchito ngati zinzake zonse?"

Chibwerereni pashopu, Kachala anali asanagulitsepo ngakhale chingwe. Yankho linatuluka pakamwa monga mmene chala chake chimagwera pa batani.

"Inde, bambo."

A Mwetulirani analipira, anakupatira laputopu m'khwapa, n'kuzimirira m'fumbi.

Pawindo panatulukira mutu. Anali mnyamata wa mafoni uja. Ankamutcha Fulashi, chifukwa mafulashi, tizipangizo tonyamulira mapulogalamu, ankawavala m'khosi ngati mikanda, iliyonse pa kachingwe ka mtundu wakewake.

"Mwagulitsa, achemwali? Popanda mpando?"

"Anali wothamanga."

"Ee. Amalume akamva, pampandopo adzakhazikapo inu."

Kachala anaseka. Tsiku lonselo anapukuta mashelefu akuimba.

3. Pulinta yosalankhula

M'mawa mwake anapeza a Mwetulirani akumudikira pakhomo. Laputopu m'khwapa lina, pulinta yaikulu m'khwapa linalo. Sanayankhe moni. Anatula zonse patebulo.

"Chimene unandigulitsachi n'chiyani? Ndayatsa, zonse zachilendo. Ndafunafuna pamene ndimadina masiku onse, palibe. Chabwino. Ndalimbana nayo mpaka zithunzi za ukwati zalowa. Ndati ndisindikize. Pulinta yangoti duu, ngati sitinadziwanepo."

"Mwina chingwe, bambo."

"Chingwe n'chomwecho cha zaka zonse. Tsono tsegula makutu. Zithunzi za ukwati wa dzulo zonse zili mu laputopumu. M'kamera ndafufuta, chifukwa kakhadi kosungira zithunzi n'kamodzi, ndipo pano ndikukajambula ana a sukulu yamkaka. Kulibenso kwina kumene zili. Akwatiwo akunyamuka madzulo ano kupita kutali kumene mwamunayo amagwira ntchito. Mayi a mkwatibwi akufuna zithunzi m'manja mwana wawo asanakwere basi. Ndikamabwera masana, ndipeze pulintayi ikusindikiza."

Anatuluka. Kachala anatsala ndi makina awiri osalankhulana.

Anazula chingwe, n'kuchibwezera. Anazimitsa, n'kuyatsa. Pa sikirini panatuluka kabokosi ka mawu. Anadina, kanathawa. Anafuna kuti kabwerenso kuti aone chimene kankanena. Sikanabwere.

Anaimbira amalume. Foni inati sakupezeka. Anaimbanso. Chimodzimodzi.

Anafufuza pa intaneti. Kumeneko ndiye kunali msika. Wina akuti lembani mizere iyi pa sikirini yakuda. Wina pansi pake akuti musayerekeze, mizereyo ndi yakale. Wachitatu akuthokoza kuti zatheka, koma osanena kuti watsata uti. Kachala anawerenga mpaka zilembo zinayamba kuyenda ngati nyerere.

"Zavuta, achemwali?"

Fulashi anali atalowa kale. Anazungulira tebulo, manja m'thumba, ngati dokotala poona wodwala.

"Matendawa ndikuwadziwa. Vuto ndi pulogalamu ya amalume anuyi. Tiichotse. Tiike imene madalawo anaizolowera. Pulinta iyamba kuimba yokha."

Anavula m'khosi fulashi ya kachingwe kofiira.

"Amalume anakaniza zimenezo."

"Amalume ali kuti? Amene akubwera masana ndi amalume?"

Kachala anayang'ana kunja. Mthunzi wa shopu ya nsapato unali utafupika kale.

"Si yakuba imeneyo?"

"Yakuba bwanji? Ya amalume anu simulipira. Yangayi simulipira. Kusiyana kuli pati?"

Kachala anatsegula pakamwa. Kusiyana kunalipo, amalume anali atakufotokoza, panali za makiyi ndi chitsime. Koma mawuwo anakana kufola pamzere.

"Nanga zithunzi?" anafunsa.

"Zithunzi zitani? Munthu akasintha malaya, amasintha ndi nkhope yomwe?"

Zinamveka zanzeru. Vuto lake linali lomwelo. Madzi a amalume ankamveka anzeru. Malaya a Fulashi ankamvekanso anzeru. Pakati pa madzi ndi malaya, Kachala anangosuntha, n'kumupatsa mnyamatayo malo.

4. Funso

Fulashi analowetsa fulashi yofiira ija, n'kuyatsanso laputopu. Sikirini inasintha mtundu. Anadina apa, anadina apo, akuimba likhweru.

Panja panamveka mawu a mayi wina.

"Ali kuti wokonza mafoni uja? Atuluke."

Likhweru linaduka.

"Ndikubwera, achemwali. Ikafunsa kanthu, muzingodina povomera. Paja ndinu akatswiri a zimenezo."

Anatuluka. Kachala anatsala yekha ataimirira.

Kabokosi koyamba kanabwera. Anadina. Kachiwiri kanabwera. Anadina. Kachitatu kanabwera ndi kachizindikiro kachikasu. Chala chinanyamuka.

Pamenepo chinachake chinamukoka siketi. Unali waya wa pamwendo wa mpando uja. Anakoka, waya unakana. Akanakoka kwambiri, siketi ikanang'ambika. Anakhala pampandopo kuti aumasule bwinobwino.

Atadzutsa mutu, maso ake anali moyang'anizana ndi sikirini. Sanakonze zowerenga. Mawuwo anangolowa okha.

Ankanena kuti zonse zimene zili pa gawo limeneli zifufutidwa, ndipo sizidzabwezedwanso. Pansi pake panali funso. Mukufuna kupitiriza?

Anawerenganso. Zonse. Zonse zake ziti? Gawo lake liti? Laputopu inali imodzi, yosagawika pena paliponse. Anaitembenuza kuti aone kunsi. Kunalibe gawo.

Anapita pakhomo. Fulashi anali atapanikizidwa pakhoma ndi mayi wonenepa, foni ili m'manja mwa mayiyo ngati mwala.

"Fulashi, akuti zonse zifufutidwa."

"Zimangonena choncho. Dinani."

"Zonse zake ziti?"

"Zakalezo."

"Zithunzi za dzulo ndi zakale?"

Fulashi anakanda kumbuyo kwa khutu.

"Kodi simunazisunge pena?"

"Simunandiuze."

"Aa, achemwali. Zimenezo ndiye aliyense amadziwa."

"Munati malaya."

Mayi uja anatembenuka, n'kumuyang'ana Kachala kuchokera kumutu mpaka kumapazi.

"Mwana wanga, nanenso anandiuza za malaya. Foni yabwera ikuwala ngati yatsopano. Manambala onse mulibe. Ya mwana wanga ali kunja, ya apongozi, ya adokotala. Ndatsala ndi malaya."

Kachala anabwerera m'kati. Funso lija linali likudikirabe, mwaulemu, monga ananenera amalume. Anakhala pampando. Anafunafuna batani lokanira. Analiwerenga kawiri kuti atsimikize kuti ndi lomwelo. Anadina. Kenako anazula fulashi, n'kuiponya patebulo ngati yotentha.

Sikirini inada.

Anadikira. Palibe chinachitika. Anakumbukira timabokosi tiwiri toyamba tija. Tinkafunsa chiyani? Anavomera chiyani? Sankadziwa.

Anadina batani loyatsira. Zilembo zoyera zinathamanga pa sikirini yakuda. Zinaima. Zinathamanganso. Kunja wogulitsa nsapato ankakangana ndi kasitomala za saizi, ngati dziko lili bwinobwino.

Kenako sikirini ya masiku onse inabwera.

Zithunzi sanazipeze msanga. Anatsegula apa, mulibe. Anatsegula apo, mulibe. Ulendo uno kabokosi kalikonse ankakawerenga mpaka kumapeto, milomo ikutsatira mawuwo. Pamalo pachitatu anapeza dzina limene a Mwetulirani analemba ndi zilembo zazikulu zokhazokha: UKWATI.

Mkwatibwi akuseka, velo itauluzika ndi mphepo. Kamwana katagona pampando, nsapato imodzi itavuka. Nkhalamba ikuvina, ndodo ili m'mwamba. Mayi wina akupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja. Zinalipo zonse.

Kachala anakhala pomwepo, manja ali pakati pa mawondo. Pulinta inali duu monga kale.

5. Pampando

A Mwetulirani anafika thukuta lili kamukamu. Anayang'ana pulinta. Anayang'ana Kachala.

"Ikusindikiza?"

"Ayi, bambo. Khalani pampandopa."

"Wayambanso za mpando?"

"Chonde, bambo."

Mwina anali atatopadi. Anakhala.

Kachala anafotokoza ataimirira. Anati laputopuyo ili ndi pulogalamu yosiyana ndi imene iwo anaizolowera, ndipo iye ankadziwa zimenezo pamene ankayankha kuti inde. Anati pulinta yamukanika, ikufunika amalume. Anatchulanso za fulashi yofiira, ndi funso lija, ndi pamene chala chake chinafika.

A Mwetulirani sanakalipe. Anasendeza laputopu, n'kuyamba kuona zithunzi chimodzichimodzi. Atafika pa chomaliza, anapumira m'mwamba.

"Mwana iwe, ine ndinayamba ntchitoyi nthawi ya filimu. Unkajambula tsiku lonse osaona kanthu. Zithunzi zinkakhala m'mimba mwa kamera, mu mdima. Ukatsegula chitseko cha kamera padzuwa, ngakhale pang'ono pokha, zonse zinkapsa. Amene anandiphunzitsa ankati, dzanja likafuna kutsegula, uzilifunsa kaye kuti m'katimo muli ndani. Chifukwa simukhala mapepala. Mumakhala anthu. Nsapato ukalakwitsa saizi, munthu amabweza. Ukwati subwerezedwa. Sungapite kwa mayi a mkwatibwi n'kunena kuti pepani, lirani kachiwiri ndijambule. Nkhalamba yovinayo ndi agogo ake a mkwati, anachita kuwanyamula kuchokera kuchipatala. Ukuganiza kuti adzavinanso liti? Safunsa anadya phula. Iwe sunandifunse ntchito yanga. Nanenso sindinafunse chimene ndikugula, ndipo ndinafufuta kakhadi ngati mwana. Tonse tinali othamanga. Koma wothamanga mmodzi akhale wogula. Wogulitsa akathamanganso, palibe wotsala kuti aone njira."

Atatero, a Mwetulirani anasuzumira kunja.

"Tsono titani? Basi ya akwati sidikira."

Kachala anaganiza. Ulendo uno sanafulumire.

"Kakhadi ka kamera kadzaza, bambo?"

"Ana a mkaka sadzaza khadi. Theka analira, theka anathawa."

"Ndiye tibwezeremo zithunzizi. Zikhale kuwiri. Mukasindikize kwina lero lokha."

Anachita zimenezo limodzi, bamboyo ali pampando, Kachala ali chilili pambali. Kabokosi kakatuluka, ankawerenga onse awiri mokweza, ngati ana a sukulu. Kamodzi anatsutsana za tanthauzo la mawu ena, n'kuwerenganso. Zithunzi zitalowa, a Mwetulirani anabwezera kakhadi m'kamera, n'kuziona pa kagalasi kakumbuyo. Mkwatibwi anali akusekabe.

"Mnzanga wa kuseri kwa msika ali ndi pulinta. Andiseka, koma asindikiza." Anaimirira. "Laputopu ndi pulintayi zigone pano. Ngati amalume ako angazigwirizanitse ine nditakhala pampandopa, nditenga. Zikakanika, tikambirana zina."

Ali pakhomo anacheuka.

"Mpando wanuwu uli ndi waya wobaya."

"Ndikudziwa, bambo."

Pakona ya mlomo wawo panagwedezeka pang'ono. Mwina inali ntchentche.

Kachala anasesa m'shopu. Anakulunga chingwe cha pulinta. Anayeseza mawu oti adzauze amalume, kuyambira pa ukwati, kutsirizira pa nkhani yabwino yoti zithunzi zapulumuka. Za pakati anaganiza zodzaziona pomwepo.

Sanapatsidwe mpata. Dzuwa lidakali m'mwamba, amalume analowa, fumbi lili m'tsitsi, chikwama chili paphewa.

"Kwatha bwanji kuno?"

"Bwinobwino, amalume."

Maso awo anayenda. Anaona mpata pa shelefu. Anaona laputopu yakuda ili patebulo. Anaona pulinta yachilendo. Kenako anaima. Kunsi kwa pulintayo kunkatuluka kachingwe kofiira.

Anakakoka ndi zala ziwiri. Fulashi inalendewera m'mwamba, ikuzungulira.

Kuseri kwa khoma kunamveka chitseko cha wokonza mafoni chikutsekedwa mofulumira, ndi loko, ndi mapazi.

Amalume anatula chikwama. Anatseka chitseko cha shopu, chinthu chimene sankachita masana. Anakoka mpando wathabwa uja, n'kuuika pakati penipeni.

"Kachala," anatero motsitsa mawu. "Khala apa."